Disiki ya Pansi pa Furiji

A Zikhale anadinanso batani, n'kudikira ngati mlenje pa una wa mbewa. Kompyuta inang'ung'udza pang'ono, kenaka pagalasi lakuda panatuluka mzere womwe uja wa mawu oyera, wonena kuti siikupeza poyambira.

"Yafa," anatero a Naphiri ali pakhomo la khitchini, mpeni wa anyezi uli m'manja. "Zinthu zimafa, bambo. Timaika, timasesa, moyo n'kumapitirira."

A Naphiri anali namwino wopuma pantchito, ndipo chinkhoswe chawo ndi a Zikhale chinali Loweruka likudzalo. Chiyambire kuponda m'nyumba ya ku Area 47, anali atachotsamo kale makatani a malemu Enifa, mkazi woyamba wa a Zikhale, mbale zake zamaluwa, ngakhalenso kalendala yakale imene inkabisa mng'alu pakhoma. A Zikhale sanatsutse. Ankangoti, "Hmm." Liwu limeneli ndi limene linawasungira banja loyamba lija.

Koma m'kompyutamo munali madisiki awiri. Yatsopano anawaikira mwana wawo, ndipo nyimbo zonse za pachinkhoswe zinali m'menemo. Yakale inali ya Enifa: zithunzi zake, nyimbo za kwaya yake, ndi kaphokoso ka tete-tete poyatsa, ngati munthu akufufuza supuni m'kabati. Lero kaphokosoko sikanamveke, ndipo chimenechi ndicho chinawapweteka kuposa nyimbo.

Sulaiman, wokonza makompyuta wa ku Old Town, anafika pa kabaza dzuwa lili pamutu. Anadina uku ndi uku, nayang'ana ndondomeko imene makinawo amatsata podzuka, n'kupukusa mutu.

"Madala, ikuona disiki imodzi yokha. Munati alipo awiri?"

"Hmm."

Atatsegula chivundikiro, waya wina anali lende ngati mchira wa buluzi. Sulaiman anatola sikuluu n'kuiyandikiza kumaso.

"Muno munachitika opaleshoni. Ndipo dokotala wake anagwiritsa ntchito mpeni wakukhitchini."

Dzanja la a Naphiri linazembera kumbuyo pang'onopang'ono.

"Disiki yakale ija imakhosomola," anatero mayiwo. "Ine ndakalambira m'wodi, chifuwa choipa ndimachimva ndili panja. Komanso mapanga awiri avumbwitsa. Nyumba imodzi, madisiki awiri, za chiyani?"

A Zikhale anawayang'ana nthawi yaitali. "Ili kuti?"

"Sindinataye ayi. Ndinaipezera ntchito."

Onse atatu analowa kukhitchini. Furiji imene inkagwedera chiigulireni inali itaima nji ngati msilikali, ndipo pansi pa mwendo wake wakutsogolo panali disiki ya Enifa.

"Koma mayi!" Sulaiman anagwira mutu, akuluma mlomo kuti asaseke. "Vuto ndi limeneli. Mwana wawo poika yatsopano sanazule yakaleyi. Ndiye katundu yense analowa m'nyumba yatsopano, koma kiyi anatsala kunyumba yakale. Yakaleyi ndi imene imadzutsa inzake. Popanda iyo, yatsopanoyo ingogona mpaka Yesu adzabwere."

"Iwe ndiwe Msilamu, za Yesu ukuzidziwira kuti?"

"Ifenso tikumudikira, mayi."

A Zikhale sanamve zimenezo. Anali atakumbuka mmene Enifa ankawakokera bulangete kumiyendo m'mawa wa mwezi wa Juni, n'kupita kukagwedeza masupuni dala.

Anapendeketsa furiji ndi phewa, botolo la thobwa linagubuduka m'katimo, Sulaiman n'kusolola disiki ija. Anaipukuta ndi malaya, naibweza m'malo mwake, n'kudina batani. Chete. Kenaka tete-tete. Galasi linawala, nyimbo za pachinkhoswe zonse zili m'malo.

"Shuwa tsabola wakale amawawabe," anatero Sulaiman. "Tsopano tichite chonchi, madala. Ndisamutsire kiyi ku yatsopanoyi, ntchito yochepa. Ikatero yakaleyi ilibenso ntchito, ibwerere ku furiji ngati mayi akufuna."

A Naphiri anapinda manja, kudikira.

A Zikhale anadziwa kuti makatani anapita, mbale zinapita, ndipo iwo anangoti hmm. Anadziwanso kuti akakana pamaso pa mlendo, mwina Loweruka adzavina okha. Ndiye anangosanjika chikhatho pamwamba pa kompyuta, osachichotsa.

"Madala, ndigwireko ntchito."

Chikhatho sichinasunthe.

"Bambo, mnyamatayu akulankhula nanu."

"Ndamva."

A Naphiri anayang'ana dzanja lija. Anali ataona manja otero ambiri, ogwira m'mphepete mwa bedi nthawi yoona odwala itatha kale. Anaika mpeni patebulo.

"Iwe mwana, wati yakaleyi ndi imene imadzutsa inzake?"

"Eya, mayi."

"Tsiku lililonse?"

"Ikangoyatsidwa basi."

"Ndiye asiyeni. Ine za kudzutsa anthu ndinatopa nazo kuchipatala. Ndinawapeza alipo, agwire ntchito yawo." Anatembenukira kwa Sulaiman. "Koma zithunzi zawozo uzikopere kwinanso. Chifuwa chija sindinanamepo."

Sulaiman anachita monga anauzidwa, nachoka akusekabe chamumtima. Furiji inayambiranso kugwedera. A Zikhale anapinda katoni ya sopo, nagwada, n'kuilowetsa pansi pa mwendo uja.

Loweruka m'mawa, anthu asanayambe kusonkhana, a Naphiri anafika atavala kale chitenje cha pachinkhoswe. Anapukuta fumbi patebulo, nadina batani okha, n'kuwerama pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, akulu?"

Tete-tete, inayankha disiki.

A Zikhale anali pakhomo, tayi ili m'manja. "Hmm," anatero, koma ulendo uno liwulo linatalikirapo.