Khola la Bwana pansi pa lata

Lachitatu m'mawa apongozi anga anaima pa khola la Woyera, kalulu wanga wamkazi, n'kumuyang'ana ngati nyama yopachikidwa ku butchala. Anati Loweruka kukubwera alendo, ndipo kalulu wosaswa ntchito yake ndi yam'poto basi. Bambo a mwana ankapopa njinga chapafupi, koma sanadzutse n'komwe mutu. Ine ndinali ndi mwana kumsana.

Akalulu awiriwa ndinawapeza ndekha nditangochira, kuti nanenso ndikhale ndi changa chochita pakhomo. Woyera anaswa kamodzi, ana asanu ndi mmodzi. Kuchokera apo, zii. Katatu konse ndinamunyamula kupita naye kwa Bwana, wamphongo wathu, monga kamanenera kabuku kanga ka ulimi, kuti wamkazi ndiye apite kukhola la wamphongo. Bwana ankakwera bwinobwino, n'kugwera cham'mbali ndi kakulira kake kaja, ine n'kuchonga tsiku pa kalendala. Mwezi unkatha, bokosi la udzu lili lopanda kanthu.

Palibe chimene sindinayese. Ndinamuchepetsera madeya poopa kuti wanenepa. Ndinkamuyang'ana m'makutu, m'maso, pansi pa mchira, mpaka ankati akandiona amathawira pakona. Ndipo mawu akuti "wosaswa" ankandibaya pena pake, chifukwa inenso ndinakhala zaka zitatu pabanja ndisanaone mwanayu, ndipo m'zaka zonsezo palibe anafunsapo za mwamuna.

Lachinayi ndinaimbira alangizi a ziweto. Anafika masana pa njinga yamoto, mayi wojintcha, wokonda kuseka. Anamugwira Woyera, kumusisita pamimba, kumutembenuza, n'kunena kuti mtsikanayu alibe vuto lililonse.

"Nanga mkamwini wanu ali kuti? Timuone nayenso."

Ndinawatengera kuseri kwa nyumba, kumene khola la Bwana linatsamira mpanda wa njerwa, pamwamba pali lata lakale lopanikizidwa ndi miyala. Alangizi anaika dzanja pa latalo n'kulichotsa msanga. Bwana anali atadzitambasula pansi, akupuma mwawefuwefu, makutu ali psuu. Madzi a m'mbale yake anali ofunda ngati osambitsira mwana.

Kuseka kuja kunatha. Anandiuza kuti kalulu wamphongo akamakhala potentha chonchi mbewu yake imafa, ngakhale kukwera amakwerabe, ndipo kuti akabwerera pamthunzi pangatenge miyezi iwiri kuti akhalenso bwino. Kenako anafunsa kuti kholali linabwera liti kuno.

Ndinalidziwa tsikulo osayang'ana pa kalendala. Kale linkakhala pansi pa mtengo, pafupi ndi windo la kuchipinda. Sabata imene mwana anadwala chifuwa, ndinaona kaubweya ka kalulu pa thewera lake pachingwe. Tsiku lomwelo ndinalikoka ndekha kholalo, kulikhwekhwereza mpaka kuseri, kutali ndi mwana wanga. Ndinadziona ngati mayi wosamala.

Lachisanu apongozi anatulukira ndi mpeni akuunola pa simenti ya pakhonde. Ndinatsitsa mwana, kumuberekanso, kumanga nsalu kawiri.

"Amayi, Woyera ali bwinobwino. Vuto lili kwa wamphongo, ndipo ndine ndinamuika padzuwa."

Apongozi anasiya kunola. Kenako anati chabwino, ngati wolephera ndi wamphongo, ndiye alowe m'poto iyeyo, nyama ndi imodzimodzi. Izi sindinaziganizire. Ndinayamba kufotokoza za miyezi iwiri, za mthunzi, za madzi ozizira, mawu akuphonyana m'kamwa, iwo akungoyesa mpeni ndi chala.

Bambo a mwana anali pakhomo, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja. Sindikudziwa kuti anamva kuyambira pati. Anayang'ana amayi awo, anayang'ana ine, n'kuika nsapato ija pansi.

"Mayi, mupatseni miyezi yakeyo. Enafe tinapatsidwa zaka zitatu." Anapita kuseri, ndipo ndinamva miyala ikugwa kuchoka pa lata. "Amake mwana, dzagwireni uku."

Apongozi anang'ung'udza kuti alendo adya masamba ngati akalulu omwewo, koma mpeni anakaubweza m'kabati.

Tsopano Bwana ali pansi pa mtengo, pafupi ndi windo lomwe lija. Chingwe cha matewera ndinachisamutsira kutsogolo. Windo ndimatseka, kenako ndimaona kuti m'chipinda mwatentha, ndimatsegulanso. Mwana akangotsokomola kamodzi ndimathamanga kukamuyang'ana m'mphuno. Pa kalendala ndinazunguliza tsiku la makumi asanu ndi limodzi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo m'mawa uno apongozi anaimanso pa makola onse awiri, manja kumbuyo.