Kansalu ka Pachibwano

M'wodi monse munalibe wodwazika matenda wakhama ngati Mayi Kansalu. Dzinali anamupatsa ndi anamwino, chifukwa chigonekedwere bambo ake atadwala sitiroko, matenda opha ziwalo, kansalu koyera sikankachoka m'manja mwake. Supuni ikangotuluka m'kamwa mwa mkuluyo, kansalu kafika kale pachibwano. Phala likadonthera pamalaya, iye ankacheukira a m'mabedi oyandikana n'kunena kuti, "Pepani anzanga, sanali chonchi awa. Anali telala wa masuti."

Amati khama limapindula, koma atelalawo ankangotha ngati sopo. Akalawa pang'ono ankafumbata milomo n'kutembenukira kukhoma.

Achipatala sanagone, paja mutu umodzi susenza denga. Katswiri wa zakudya anawonjezera mkaka ndi mazira m'phala. Mayi woona za kamezedwe anawagwira pakhosi, anawapatsa zolimba ndi zamadzimadzi, n'kupeza kuti kumeza akumeza ndithu. Wa mankhwala anachotsa piritsi lina loumitsa kukamwa. Sikelo yokha ndi imene sinkamva zonsezo, inkangotsika. Pomaliza adokotala anati zikapitirira chonchi awalowetsa kapaipi kodyetsera m'mphuno. Atelalawo atamva anagwetsa misozi, ndipo mwana wawo anaipukutanso msangamsanga anthu asanaione.

M'mawa wina achipatalawo anaitanira Mayi Kansalu m'kachipinda ka anamwino. Anapeza onse aja atakhala mothinana pakati pa sinki ndi kabati ya mankhwala. Iye analowa atakonzeka kuwadzudzula pa nkhani ya chakudya chawo chozizira.

"Mayi," anayamba katswiri wa zakudya uja, "dzulo masana munali kuti?"

"Ndinatsikira kukachapa zovala zawo. Ndinachedwa, pepani, sindidzabwerezanso."

"Ayi, si mlandu," anatero namwino. "Kungoti bambo anamaliza mbale yonse. Okha, ndi dzanja lamanzere. Anadzipaka mpaka m'khutu, koma anapemphanso phala lina."

"Nanga bwanji ine ndikawadyetsa amakana?"

Onse anayang'anizana, aliyense kuyembekezera kuti ayankhe mnzake. Kenaka mayi woona za kamezedwe anati, "Pakhosi pawo palibe vuto, mayi. Tikupempha kuti nthawi ya chakudya muziyamba mwatuluka. Tiyese zimenezi tisanafike pa kapaipi."

Akanamukalipira, bwenzi atawayankha, pakuti pakamwa pake si pochezera. Koma ankamulankhula mofatsa ngati wodwalayo ndi iyeyo. Manyazi anamugwira, anasowa poika nkhope. Kansalu kanali pamiyendo pake, kopindidwa bwinobwino, ndipo onse ankayesetsa kuti asakayang'ane.

Masana amenewo anaima kuseri kwa katani ya bedi la bambo ake. Anamva supuni ikukhula mbale, ikugunda dzino, kenaka ikugwa pansi.

"Atelala, lero ndiye mwawasokera mabatani a phala malayawa!" anatero namwino akutola supuniyo.

Bambo ake anaseka. Kuseka kwake kunali kopendama, kotulukira mbali imodzi ya kamwa, koma iye anali asanakumve chiyambire matendawa. Anazindikira kuti nthawi yonseyi ankapukuta manyazi ake omwe, osati a bambo ake, ndipo mtima unamuwawa. Analephera kupirira, anakankha katani pang'ono n'kusuzumira.

Bambo ake anamuona. Supuni inaima m'malere, phala likutsetsereka pachibwano. Maso awo anapita pa dzanja lake, iye n'kubisa kansalu kumbuyo ngati mwana woba shuga.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo, lilime likuwalemera, "wabwera kudzandipepesera kwa anthu?"

"Ayi bambo. Idyani."

Supuni sinasunthe. Anadikira, sinasunthebe. Ndiye anabweza katani ija n'kuima kunja. Patapita kanthawi anamva supuni ikuyambanso kukhula mbale.