A Horace Anaphwetsa Matayala

Amuna anga a Horace ndi munthu wabwino, ndiyambe ndanena zimenezo, chifukwa zotsalazi si zowayamikira ayi. Agwira ukalaliki pa ofesi ya sukulu kuno ku Domasi zaka makumi awiri, ndipo poti mafayilo onse amawadziwa ndi iwo, anafika poganiza kuti ndi matayala omwe amawadziwa.

Kagalimoto kathu ndi kaja kochokera ku Japan katagwirako kale ntchito. Pa dashibodi pali kanyali kachikasu kamene kamayaka tayala likachepa mpweya. A Zubair, amene amamata matayala m'mbali mwa msewu pa Malosa, anatifotokozera bwinobwino kuti kanyaliko kakayaka tizipita akayeze ndi geji, ndipo anationetsa manambala oyenera amene analembedwa pa chitseko cha dalaivala. A Horace anangoti inde inde, atafika kunyumba n'kumata kanyaliko ndi tepi yakuda. Ati kamawathobwa m'maso.

Iwotu ali ndi sayansi yawo imene anaitola kwa madalaivala a pa siteji. Ati mu Okutobala tala imatentha, mpweya umafufuma m'tayala, ndiye munthu wanzeru amaphwetsako kuti lisaphulike. A Zubair anayesetsa kuwauza kuti tayala lofewa ndi limene limapindikapindika poyenda, n'kutentha, n'kung'ambika. Koma amuna angawa, munthu wosavala tayi sangawaphunzitse kanthu.

Tsono pali mwana wathu Prudence. Anamaliza maphunziro a unamwino, n'kukhala pakhomo zaka zinayi. Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka ine kutopa nawo, osayankhidwa ndi imodzi yomwe. Anzake ena anakwatiwa, ena anapita ku Joni, iye n'kumagulitsa mafirizesi pa geti la sukulu, satifiketi ili m'sutikesi. Ndiye chaka chatha chipatala china cha ku Mangochi chinamuitana ku intavyu, Lachinayi, thuu koloko masana. Oitanidwa asanu, malo awiri. Mwanayo anasita bulauzi yake katatu.

Iye ankafuna kukwera minibasi m'mamawa. Bambo ake anakana, ati mwana wawo sangakafike pamaso pa mabwana zovala zitakwinyika pamene galimoto ilipo pakhomo. Ine ndinawavomereza, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Poti tinali kupita ku Mangochi, anakwezanso matumba atatu a mpunga opita kwa achemwali awo a kumeneko.

Cha m'ma teni ndinatuluka ndi bulauzi ija pa hang'ala, ndipo ndinawapeza atagwada pa tayala lakumbuyo, msomali uli pa valavu, mpweya uli fyuu. Anazungulira onse anayi.

"Bambo a Prudence," ndinatero, "katundu yenseyu, inu mukuchotsanso mpweya?"

Anandiuza kuti ndikaone ngati ndatseka mawindo. Kenako anamenya tayala lililonse ndi nsapato n'kunena kuti zili bwino, tizipita.

Podutsa pa Malosa, a Zubair anadzuka pa benchi n'kumaloza kumbuyo kwa galimoto yathu, akukupiza dzanja. Ndinapempha kuti tiime kamphindi kokha. A Horace anati munthuyo akungosaka kasitomala, n'kuponda moto.

Titatsika zitunda za Machinga, Liwonde tisanafike, dzuwa linali litaswa mtengo. Galimoto inayamba kugwedera kumbuyo, fungo la labala lopserera n'kulowa pa windo, kenako phuu. Chiwongolero anachigwira ndithu, apo ndisaname, tinakaima m'dothi popanda wovulala. Koma tayala linali litang'ambika m'mbali monse ngati nsanza.

Anatsitsa mpunga, natulutsa sipeya. Koma abale, sipeyayo inali yofewa ngati buledi. Chigulireni galimoto palibe anaiyezapo.

Ndinati mwana akwere minibasi pompo. A Horace anati ayi, nthawi ilipo, athamangira ku Liwonde pa kabaza kukapopetsa sipeya, abwera posachedwa. Tinadikira ola lathunthu padzuwa. Itakwana hafu thwelofu ndinati basi, zimenezi n'zopusa, ndipo tinayamba kuimitsa maminibasi. Atatu anadutsa atadzaza. Yachinayi inamutenga Prudence, bulauzi ataipinda m'jumbo, ine n'kutsala ndikulondera mpunga wa eni ake.

Zotsalazo anandiuza pambuyo pake. Pa Liwonde anasintha minibasi, ndipo inayo inaima kudikira kudzaza. Itanyamuka inkaima paliponse pamene munthu watukula dzanja. Anaimba kangapo nambala ya pa kalata ija, osayankhidwa. Bulauzi anavalira m'chimbudzi cha pa depoti ku Mangochi.

Foni yanga inalira hafu folo, a Horace atangobwera kumene kuchokera ku Liwonde, akumanga sipeya.

"Amayi, ndapeza atatseka. Alonda akuti anayi aja alowa, atuluka, mabwana anyamuka kalekale."

Sanalire. Bola akanalira, ine ndikanadziwa chomuuza. Anangofunsa ngati tibwerabe kudzamutenga kapena akwere yobwerera.

M'mawa mwake aneba awiri anabwera kudzaona tayala lija lili pakhonde. Ine ndinkaganiza kuti mwina lero amuna anga agwetsa nkhope. Anatembenuza tayalalo, nalowetsa dzanja pong'ambikapo, n'kupukusa mutu.

"Mwaona kutentha kwa chaka chino? Ndikanapanda kuphwetsako, likanaphulikira pa Malosa pomwepa."

Aneba aja anavomera kuti n'zoonadi, Okutobala ndi woipa. Prudence anali pakhomo pomwepo ndi bokosi lake la mafirizesi, ndipo anamva zonse. Anawayang'ana bambo ake, kenako n'kusenza bokosilo kupita ku geti.

Analembera kalata chipatala chija kupepesa ndi kufotokoza, koma yankho silinabwere. Kwina kulikonse sanamuitanenso, ndipo masiku ano makalata sakulembanso. Ndikamufunsa amangoti amayi, zisiyeni.

Okutobala wafikanso, tala yayamba kutentha. Msomali uja ndinauponya m'chimbudzi ndi manja angawa. Dzulo popukuta galimoto ndapeza wina watsopano pa dashibodi, pafupi ndi tepi yakuda ija.