Munga wa Nkholokolo

Lumo linali lobuntha, koma Tisiyenji sanafune n'kunyowetsa komwe tsitsi la mlamu wake. Ankangopala mutu wa Benedeta ngati akupala mphika wopserera, mpaka magazi anayamba kutsikira kuseri kwa khutu.

"Khalani bwino, alamu," anatero Tisiyenji. "Mukuzemba lumo? Mlongo wanga anabuula masiku asanu ndi limodzi, inu muli phee ngati simukudziwa chimene munachita."

Benedeta anaweramitsa mutu. Linali tsiku la kumeta, lachitatu chiikireni m'manda mwamuna wake Januario. Munthuyo anafa imfa yoipa. Tsiku lina anabwera kuchokera ku miono yake atakulunga dzanja lamanja ndi sanza, n'kukana kuti wina aliyense alione. Dzanjalo linatupa, kutupako kunakwera mkono wonse mpaka m'khosi, basi munthu n'kutha.

Tsono kuno kwa Kabudula, mwamuna akatupa chotero anthu safunsa zambiri. Amati ndi tsempho: mkazi wagona ndi mwamuna wina, n'kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake. Tisiyenji ndiye anayamba kulitchula liwulo, mtembo usanazizire n'komwe. Ndipo pamudzipo chilango chake chinali chodziwika: mkazi wosempha mwamuna amachoka ndi mphasa yokha, nkhokwe imatsala.

Nkhokwe ija, anthuni! Chaka chimenecho dzombe linaseseratu minda, koma Benedeta anadzala ndi mvula yoyamba, ndipo iye ndi ana ake atatu ankaswera m'munda kuomba zitini ndi kufukiza utsi mpaka dzombe linapita. M'mudzi monse nkhokwe yodzaza inali yakeyo. Iye anali wa chitengwa, wochokera kutsidya kwa mtsinje wa Bua, ndipo kwawoko anthu anali atayamba kale kudya madeya. Kupita kumeneko chimanjamanja kunali kukapha anawo ndi njala.

Masana, Benedeta ali ku chitsime cha kudimba akutsuka mabala a m'mutu, anatulukira Jailos. Uyu anali mkamwini pamudzipo, msodzi wolongolola, mmodzi wa adzukulu amene anasambitsa mtembo.

"Pepani, aNangondo. Kodi akumetani kapena akusendani?"

Nthabwala pamaliro ndi ntchito ya adzukulu, koma Jailos sanaseke. Anamasula tsamba la nthochi n'kuonetsa kafupa koyera, kosongoka, kokhala ndi timano m'mbali.

"Aka ndinakatulutsa m'chikhatho cha amuna anu aPhiri powasambitsa. Kanalowa mpaka pafupa, mafinya ali tho. Ndiko kanapha munthu aka, osati mchere wanu."

"Munga wa mlamba?"

"Aa, mayi, mlamba walakwanji? Anthu mukangoona nsomba ya ndevu yopanda mamba, mumati mlamba basi. Mtundu umenewu ndi waukulu. Mlamba wa m'dambo mwathu muno ndi uja woterera, wamutu wophwatalala, wopuma mpweya ngati ife. Madzi akaphwa umabisala m'thope, mvula ikagwa umakwawa pa udzu kusaka dziwe lina. Ukakubaya umawawa, inde, koma munga wake umatuluka. Kunyanja kuli kampango, uja amabwera wowamba ndi amalonda, amati amalera ana ake pansi pa mwala ngati nkhuku. Koma uwu ndi wa nkholokolo. Kansomba kakafupi, kamawangamawanga, ukakagwira kamalira. Kakaimika minga yake itatu, siigonanso. Munga ukalowa m'thupi, timano iti timagwira mnofu, ukati ukoke umathyokera momwemo."

"Nanga bwanji sanandiuze? Bwenzi titathamangira ku mishoni ku Nambuma, akanamuchotsa."

Jailos anayang'ana kumbali. "Nkholokolo sikonda matope. M'dambo mwathu mulibe ngakhale imodzi. Imakhala ku Bua, pa miyala."

"Iwo ankati miono yawo ili m'dambo."

"Ankatero, eti."

Benedeta anamva kanthu kakumuluma mumtima, koma anakakankhira kumbali. Za ku Bua zidikire. Panopa nkhani inali ya chimanga.

"Mukanena zimenezi pamaso pa anthu, a Jailos?"

"Ine? Pakamwa panga palibe chitseko, mayi. Ndikanena."

Dzuwa litapendeka, abale a Januario anakhala pansi kuseri kwa nyumba ya siwa kuti asudzule mkazi wamasiye. Nkhoswe ya Benedeta kunalibe. Tisiyenji anati uthenga unatumizidwa, koma amene anautenga sankadziwika. Jailos anaimirira, n'kumasula tsamba lija, nafotokoza zonse monga anafotokozera kuchitsime. Amuna ena osodza anasuzumira n'kugwedeza mitu. Munga wa nkholokolo ankaudziwa.

"Tabweretsani ndione," anatero Tisiyenji.

Anautola ndi zala ziwiri, nauyang'ana pang'ono, kenako n'kuuponya pamoto pamene pankaphikidwa thobwa la adzukulu. Moto unangoti phethe.

"Ndiye mukuti mlongo wanga, msodzi chibadwire, anaphedwa ndi ndiwo? Munthu wa ukwati wa m'tchalitchi, ankakatani ku Bua? Tanenani, a Jailos, ankakatani? Koma musananene mundikumbutse: dimba limene mumalima lija ndi la amayi ake a ndani?"

Kalanga ine, pakamwa popanda chitseko paja panatsekeka. Jailos anakanda m'mutu, nayang'ana mkazi wake, nayang'ananso pansi.

"Kapena maso anga, aNaphiri. Mtembo unali wotupa kwambiri. Mwina kafupako ndinangokatola pamphasa."

Amuna osodza aja nawonso anayamba kuona nyerere pansi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka: ndani akanalimba mtima kunyazitsa wakufa pamaso pa mlongo wake, mwini minda?

Benedeta anayenda ndi mawondo mpaka pamapazi a Tisiyenji.

"Alamu, ndapota nanu. Ine nditchuleni dzina lililonse limene mufuna, ndivomera. Koma ana awa ndi a mlongo wanu. Madengu awiri okha, afikire mvula."

"Ana ndi a mkazi, si mwambo wathu umenewo? Kaya bambo wawo ndani, mukudziwa ndinu. Tengani ana anu muzipita. Chimanga chili ndi pakamwa pake pokadya."

Tisiyenji anayankhula mosakweza mawu, akuchotsa kachitsotso pa nsalu yake. Nkhanza za mayi ameneyu zinali zotero, zopanda thukuta.

M'mawa mwake Benedeta ananyamuka, mphasa pamutu wamabala, wamng'ono kumsana, awiri enawo pambuyo. Palibe anawaperekeza. Ali pakati pa njira, amuna awiri a m'mudzi muja anawapitirira mothamanga, osapereka moni, atasenza madengu odzaza chimanga chosatonola. Benedeta anawadziwa madenguwo. Anawaluka yekha, limodzi linali ndi chigamba cha chikopa cha mbuzi pansi.

Anafika ku Bua dzuwa lili paliwombo, ana akulira njala. Pafupi ndi pooloka, pamwamba pa miyala, panali kanyumba katsopano. Madengu aja anali pakhonde. Pabwalo panakhala mtsikana wapakati, mutu wometedwa kumene, koma wometedwa bwino, wopanda bala ngakhale limodzi. Patsogolo pake panali lichero la tinsomba tamawangamawanga, ndipo ankayamwa chala chake, misozi ili mbwembwembwe.

"Odi kuno. Timwe nawo madzi," anatero Benedeta.

Mtsikanayo anadzuka movutikira, nabweretsa chikho. Anati dzina lake ndi Lines. Anayang'ana mutu wa mlendoyo n'kugwira pakamwa.

"Nanunso mwafedwa, mayi? Pepani. Ine amuna anga aikidwa masiku anayi apitawa, kwawo uko. Sindinaloledwe n'kupitako komwe. Alamu anga ndiwo abwino mtima, onani anditumizira chimanga."

"Ndaona."

"Nsombazi ndavuula m'mono mwawo lero, koma zikundikanika. Taonani zandibaya kale kawiri." Anaseka pang'ono, kenako n'kuliranso. "Sindinazolowere. Iwo sankalola kuti ndigwire nsomba ya minga. Akavuula ankakhala pa mwala uwo, n'kumathyola munga uliwonse, umodziumodzi, ndipo akatero ankayendetsa chala chawo pamsana pa nsombayo kuona ngati pasalala, asanandipatse. Tsiku lija inatsala imodzi yokha. Ine ndinati isiyeni, mwatopa. Iwo ayi, ingakubaye. Ndiyo inawalowa m'dzanja imeneyo."

Benedeta anayang'ana mwalawo. Unali mwala wamba, wosalala pamwamba, pansi pake pali mulu wa timinga toyera touma, twa miyezi yambiri. Nsanje inamutentha, koma yoposa nsanje inali manyazi. Zaka khumi ndi ziwiri anagona nyumba imodzi ndi munthu ameneyo.

Mwana wachiwiri wa Benedeta anali atafika kale pakhonde, maso ali pa dengu. Lines anamuona.

"Iii, ana ali ndi njala awa. Dikirani."

Anasankha ngala zinayi za chimanga, zazing'onoko, nabwera nazo. Benedeta anafuna kukana, anafuna kukuwa kuti mtsinje wonse umve kuti chimangacho anachilima ndani. Koma mwana wa kumsana analira, ndipo kutsidya kunalibe kanthu. Anagwada n'kutambasula manja awiri.

Lines anaima chimanga chili m'malere. Ankayang'ana zikhatho za mlendoyo. Zinali zodzaza ndi zipsera, zakale ndi zatsopano, timabala takuda ta minga ya milamba. Januario ankabwera nayo yamoyo, ikuphiriphitha, n'kuikhuthula pakhomo ali chiimire, mawu ake amodzi okha: "Konza."

"Kalanga, manja anuwa!" anatero Lines. "Kodi amuna anu sankakuthyolerani minga?"

"Ayi," anayankha Benedeta. "Sindinkadziwa kuti amatha."

Analandira chimangacho, nati zikomo, nachimanga kunsonga ya nsalu. Kenako anagwira ana awiri aja padzanja n'kutsikira m'madzi.