Manda Okumba Amayi

Fraser anatsirizika m'mawa wa Lachitatu, mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Raffingora limawamba munthu ali moyo, nanji wakufa. Mkazi wake Lestina anamutseka maso, namumanga chibwano ndi kansalu, kenaka anatuluka panja n'kuyamba kulira kuti komboni yonse imve. Anthu anabwera, poti maliro n'kulirana. Amayi analowa m'nyumba, abambo anakhala pansi pa mango, ndipo kalipentala wa pakomboni anayamba kukhoma bokosi ndi matabwa a chitseko chakale.

Komboni imeneyi ndi mzere wa tinyumba ta antchito umene unatsala famu itagawidwa m'mapuloti. Okhalamo ndi adzukulu a anthu amene anayenda pansi kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tete kudzathyola fodya wa azungu. Lero amadya za maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku m'minda ya eni mapuloti. Kumudzi kotumizako mtembo alibe. Kwawo kwenikweni ndi kuseri kwa mabulugamu, kupitirira zigafa zakale za fodya, kumene kuli manda.

Fraser anali munthu wa gule kuyambira ali mnyamata. Ife sitinena kuti zilombo ndi anthu, ayi, pakamwa pathu pasatilakwitse. Koma panali chilombo china chimene chinkaponda ngati Fraser, kutsimphina pang'ono mwendo wamanzere, ndipo chilombo chimenecho chinasiya kutuluka chaka chimene iye anabatizidwa. Lestina anali atamupempherera kuyambira ali mtsikana mpaka imvi, mwamuna akumuseka kuti mawondo adzatha Mulungu asanayankhe. Ndiye tsiku lina la Sabata, popanda maloto kapena matenda, Fraser anangomutsatira kushedi imene amapemphereramo nakhala pa njerwa kumbuyo. Anaphunzira kalasi limodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu ake, osachita manyazi. Ankakonda kunena kuti iye ndi waganyu amene analembedwa ntchito dzuwa litapendeka, koma Mwini munda wati malipiro ndi amodzimodzi.

Atadwala, anapempha chinthu chimodzi chokha. Anati ng'oma isadzalire pamutu pake, adzamuperekeze ndi nyimbo za Mulungu. Lestina analonjeza atagwada, dzanja lili pachifuwa cha mwamuna wake, ndipo iye ankadziwa kuti lonjezolo sanalipereke kwa wodwala yekha.

Vuto linabwera ndi Alfred, mng'ono wake wa Fraser, amene tsopano ndiye anali mkulu wa kudambwe. Anaitanitsa Lestina kuseri kwa nyumba nalankhula mwaulemu, chipewa chili m'manja. Anati malemuwa anavina moyo wawo wonse, ndipo tchalitchi anangochilawa kumapeto ngati mchere. Anati munthu wometa amaperekezedwa ndi zilombo, ndipo anyamata akonzeka kale. Lestina atakana, Alfred anavala chipewa chake. Anamukumbutsa kuti adzukulu onse okumba manda pakomboni ndi anthu a kudambwe, ndipo ng'oma ikapanda kulira, piki nayo silira.

Apa mpamene panagona nkhani. Mpingo wa Lestina unali wa amayi. Amuna ambiri anali kokumba golide, ndipo otsalawo anali aja a mwendo umodzi kutchalitchi, wina kudambwe, amene tsiku limenelo anadwala misana onse nthawi imodzi. Abusa amakhala ku Chinhoyi. Atawaimbira foni anapepesa kuti ali pa maliro ena kutali, mwambo ayendetse a Estevao, mkulu wa mpingo. A Estevao anali munthu wa Mulungu ndithu, koma wa ndodo ziwiri, woti piki akanangoiyang'ana.

A Estevaowo ndi amene anayamba kunyengerera. Anati dzuwa ili silidikira milandu, mawa m'nyumbamo simudzalowekanso. Bwanji zilombo zivine pang'ono kumayambiriro, kenaka mpingo uyimbe? Mulungu amaona mumtima. Shylet, mwana wamkazi wa malemu, anagwira amayi ake mwendo akulira, nati asachititse bambo ake manyazi owolera m'nyumba. Lestina anamva chisoni, ndipo mantha anamugwiradi, chifukwa ntchentche zinali zitayamba kale kuzungulira pawindo. Koma mkwiyo unaposa mantha.

“A Estevao,” anatero, “inu munandiphunzitsa kuti Mulungu sapatsidwa theka. Manje lero mukuti ndimudulire bambo a Shylet pakati, mutu kwa Iye, miyendo kudambwe? Mukadakhala wina ndikadakuyankhani zina.”

A Estevao anayang'ana ndodo zawo.

Lestina analowa kuchipinda natsegula sutukesi. Anavala yunifolomu yake ya Chigwirizano, bulauzi yoyera ndi duku yoyera, zimene amazisunga ngati mazira. Anthu anaganiza kuti akukonzekera mapemphero. Koma anatulukira khomo la kuseri, natenga piki ndi fosholo za mwamuna wake, nadutsa pakati pa abambo pansi pa mango osapatsa moni aliyense. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pakomboni imeneyo mkazi anali asanakumbepo manda chiyambire. Ankati mkazi akaponda m'dzenje mwini wake asanalowemo, amaitanira imfa pakhomo pake. Ndiye abambo anadzuka n'kumutsatira chapatali, ena akuseka, nakakhala mumthunzi wa mabulugamu kuti aone kumene misala ya namfedwa ikathere.

Adzukulu akamakumba amayamba atayesa mtembo ndi bango. Lestina bango sanalikumbukire, koma msinkhu wa mwamuna wake ankaudziwa. Pamphasa, mitu ikalingana, mapazi a Fraser ankapitirira ake ndi chikhatho chimodzi. Choncho anasankha malo pafupi ndi manda a apongozi ake, nagona chagada pafumbi ndi bulauzi yoyera ija, nalemba mzere kumutu, nalemba wina kumapazi, nawonjezera chikhatho. Kuseka kuja kunatha. Munthu wamoyo kudziyesa pamanda, ngakhale oledzera anayang'ana kumbali.

Anakweza piki naimenya pansi. Piki inadumpha ngati yamenya pa simenti, ndipo ululu unamuyenda kuchokera m'manja mpaka m'mano. Dothi lofiira la kumeneko likauma silidziwa wamasiye. Anamenyanso, namenyanso, n'kungotukula tizibuma tonga mtedza. Posakhalitsa matuza anatuluka m'manja, naphulika, mpini n'kuyamba kuterera. Mumtima anayamba kukangana ndi Mulungu wake, monga amachitira anthu ozolowerana. Anamuuza kuti iye sanapemphe chuma, sanapemphe puloti, ngakhale moyo wa mwamuna wake sanaukakamire. Lero akupempha msana wokha, ndipo akamumana msanawo, akumba ndi zala, koma ng'oma silira.

Woyamba kufika anali Janet, mnzake wa m'Chigwirizano, atasenza ndowa ya madzi. Sanalankhule za chikhulupiriro. Anangomukalipira kuti zaka zonsezi akubzala fodya m'chilimwe sanaphunzire kuti phando louma amayamba alithira madzi? Anakhuthula ndowayo pamzere paja, nabwerera kumjigo. Pobwera kachiwiri anali ndi amayi ena, aliyense ndi chigubu chake, ena atavala zoyera, ena ndi zitenje za kumaliro. Kenaka kunabwera Rudo, Mshona, mkazi wa mwini puloti imene Lestina ankagwirako maricho. Iye amapemphera mpingo wina ndipo Chichewa chake n'chothyokathyoka, koma anabwera ndi khasu, nanena kuti ngolo ya ng'ombe ya kwawo ilipo yonyamulira bokosi.

Anakumba mosinthana, wina piki, wina fosholo, ena kuthira madzi ndi kudikira kuti alowe. Shylet, amene m'mawa ankagwira amayi ake mwendo, analowa m'dzenje n'kumatulutsa dothi ndi beseni. Wina anayambitsa nyimbo, koma mpweya unali wochepa, moti inkamveka ngati kubuula. Tisanamizane, manda ake sanali okongola. Anali otakata kumapazi, opanikiza kumutu, khoma limodzi lopendekera ngati la chimbudzi cha mvula. Koma ankazama.

Dzenje litafika m'chiuno, Alfred anachoka pamthunzi nadzaima m'mphepete. Lestina anali m'katimo, bulauzi itasanduka yofiira, duku itapendekera kukhutu. Anayembekezera mawu achipongwe, koma atakweza maso anaona kuti mlamu wake akulira.

“Maiguru,” anatero Alfred, kumutchula mwa Chishona monga mkazi wa mkulu wake, “munandilanda achimwene ali moyo. Lero mukundilandanso ali wakufa. Ine nyimbo zanuzo sindizidziwa. Ndiwaperekeze ndi chiyani?”

Mawu amenewa anamulasa Lestina kuposa matuza. Ankadziwa kuti anthu awiriwa anakulira pa bulangete limodzi, ndipo Fraser ndi amene anamugwira dzanja Alfred popita naye kudambwe. Alfred akanabwera wokalipa, kukana kukanaphweka. Anatsamira pa mpini, ndipo kwa kanthawi anafunadi kumupatsa munthuyu kanthu, kang'oma kamodzi kokha, kakutali. Koma chimene Alfred ankapempha sichinali cha Lestina kuti agawe.

“Alamu, sindinakulandeni,” anatero. “Anayenda ndi miyendo yawo, inu mukuona. Anadzipereka okha, athunthu, ndipo ine sindingakabweze kwa Mulungu chimene mwini wake anapereka. Muwaperekeze ndi misozi yanuyo. Imeneyo sanaikane.”

Alfred anapukuta kumaso ndi chipewa nabwerera kumthunzi. Lestina anakwezanso piki.

Dzuwa litapendeka, ngolo ya Rudo inabweretsa bokosi, a Estevao atakwera pambali pake ndi ndodo zawo, amayi akuyimba pambuyo. Analibe zingwe za adzukulu, choncho analumikiza zitenje ndi zingwe za ng'ombe. Anayamba kutsitsa bwinobwino, koma bokosi litafika pakati linakakamira kumutu, kopanikiza kuja. Silinkatsika, silinkakwera. Zingwe zinayamba kupulumuka m'manja mwa amayi, nyimbo inaduka, ndipo Shylet anafuula kuti bambo ake agwa.

Alfred anafika osaitanidwa. Anagwira chingwe cha kumutu, nauza amayiwo kuti akokere m'mwamba, bokosi n'kubwerera pamtunda. Analumphira m'dzenje ndi piki ya mkulu wake, nasema khoma lija mwaukatswiri wa munthu amene waika komboni yonse, natuluka. Potsitsa kachiwiri anagwira yekha kumutu mpaka bokosi linakhala pansi mwakachetechete. Sanayimbe nawo. A Estevao atapemphera, iye sanati ameni. Koma abambo a pamthunzi aja anaimirira, zipewa zili m'manja, ndipo ng'oma sinalire, pafupi kapena kutali.

Amayi anakwirira okha, naumba mtumbira ndi manja. Lestina anazika mtanda wa timitengo tiwiri tomanga ndi waya. Apo mpamene analira kulira kwenikweni, kwa munthu amene ntchito yamuthera ndipo watsala ndi chisoni chokha.

Anthu atayamba kubalalika, Alfred anamudikira panjira ya m'mabulugamu. Nkhope yake inali itauma. Anati asaganize kuti wagonja: khoma lija wakonzera achimwene ake, osati mpingo. Ndipo anali ndi uthenga wochokera kwa adzukulu, umene anaunena amayi onse akumva.

“Mwatichititsa manyazi pamaso pa akazi ndi Mashona. Ndiye amvana kuti tsiku lanu likadzafika, maiguru, palibe mwamuna wa pakomboni pano adzagwire piki. Shuwa, mudzaikidwa ndi ndani?”

Kwa munthu wopanda mudzi, mawu amenewo ndi olemera kuposa kulandidwa nyumba, ndipo Lestina anawamva kulemera kwake. Anayang'ana manja ake osupuka, nayang'ana mtumbira wokhota uja ndi malo opanda kanthu pambali pake.

“Musavutike nazo, alamu,” anatero. “Amayi awa aphunzira lero. Ndipo nawonso akadzatopa, mudzangondisiya pamtunda pomwepo. Lipenga likadzalira, ine ndidzakhala woyamba kudzuka, ndidzawadzutse achimwene anuwo.”

Anatola piki, naiika paphewa, natsogola kubwerera kukomboni.