Njerwa Zanga Zopanda Makona

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi: ine ndimasirira ana okalipiridwa. Chindipindireni mwendo poliyo ndili wamng'ono, palibe anandikwezerapo mawu. Mchimwene wanga akaswa kapu, mbama. Ndikaswa ine, amayi amangoti, "Inali yotha kale imeneyo, Eluby."

Mu 1994, boma latsopano litati pulayimale ndi yaulere, ana anakhamukira kusukulu ya kwathu kwa Malemia mpaka ena ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Makolo anagwirizana zoumba njerwa za kalasi ina. Apo n'kuti ine nditangolemba Sitandade 8, ndikungokhala pakhonde. Ndiye Lukiya, mnzanga wa dzanja limodzi koma pakamwa pokwanira anthu atatu, anatisonkhanitsa achinyamata olumala a m'mudzimo.

"Tiyeni tikaumbe nawo," anatero. "Ndatopa n'kuimbitsidwa nyimbo alendo akabwera."

Titangofika kudambo, amayi ena a kutchalitchi anathamanga kukatiyalira mkeka pamthunzi. Anatipatsa thobwa tisanagwire kanthu, amene anayamba ntchito m'mamawa akungomeza mate.

"Ambuye akudalitseni ana inu. Kubwera kokhaku, mwagwira kale ntchito."

"Ndiye mawa tibwere kawiri, kalasi ithe msanga," anayankha Lukiya. Anavula patapata n'kudumphira m'dzenje kukaponda dothi. Stephano, yemwe saona, anamutsatira akuti matope safuna maso, amafuna mapazi.

Ine anandikhazika pansi ndi chikombole kuti ndizidzaza dothi, ena azikakhuthula pamzere.

Woyang'anira ntchito anali Che Aufi, mmisiri womanga nyumba wa ku Songani. Bambo ameneyu pakamwa pake panali tsabola weniweni. Ankayenda m'mizere manja ali kumbuyo, kenako kumva:

"Iwe Nickson! Imeneyi ndi njerwa kapena chigumu? Kagulitse pa siteji, mwina a minibasi agula!"

Ngakhale mkulu wa mpingo anauzidwa kuti njerwa zake zikufunika mapemphero. Ine ndinkamvetsera ngati sewero la pa wailesi. Mumtima ndinkati, leroli ndi langa.

Atafika pa mzere wanga anaima. Nanenso ndinkaziona njerwa zangazo: zopanda makona, zina zotupa pakati ngati mabanzi. Che Aufi anatsegula pakamwa, anayang'ana ndodo zanga zili pambali, n'kutsekanso.

"Mwayesetsa, mama. Mwayesetsa ndithu."

Mama! Nickson ndi iwe, ine mama.

Popeza ndimayenda pang'onopang'ono, ndimalawira kuposa anzanga. M'mawa mwake ndinawapeza Che Aufi ali okha kudamboko, akutola njerwa za pa mzere wanga n'kumaziponya m'dzenje, uku akucheukacheuka ngati wakuba nkhuku. Ndinabisala kuseri kwa chulu mpaka anamaliza. Pamenepo ndinazindikira kuti kalasi idzatha yopanda njerwa yanga ngakhale imodzi, koma tsiku lotsegulira adzandiimika kutsogolo kuti alendo andiombere m'manja.

Za njerwazo ndinamunong'oneza Lukiya.

"Ine dzulo ananditukwana," anatero monyada. "Akuti ndimaponda dothi ngati bakha woledzera."

"Unatani kuti akutukwane?"

"Ndinawathira matope pa mkanjo. Iwe vuto lako umangomwetulira ngati mlendo pa ukwati."

Kuthira munthu wamkulu matope ine sindingathe. Ndiye ndinangoganiza zoononga dala. Chikombole ndinkadzaza theka. Njerwa ina ndinaiboola ndi chala pakati. Ina ndinaisomeka njere ya mango pamwamba, ikuoneka ngati mutu wa mwana wometedwa moipa. Mnyamata wonyamula ankandiyang'ana, koma ankangopita nazo pamzere.

Dzuwa litafika pamutu, Che Aufi anabwera. Anaiyang'ana njere ija nthawi yaitali. Mitsempha ya m'khosi inatupa, ndevu zikunjenjemera.

"Zili... zili bwino, mama."

Anatembenuka kuti azipita. Sindikudziwa chimene chinandilowa, koma ndinangoona dzanja langa lamatope litagwira mkanjo wawo woyera. Anthu a m'dzenje anasiya kuponda. Stephano anafunsa mokweza kuti kwagwanji, Lukiya n'kumuuza kuti akhale chete.

"Che Aufi, m'mawa muja ndinakuonani mukutaya njerwa zanga."

"Aa, iyayi mama, zija zinali... mame anali ataziononga..."

"Mame amasankha mzere wanga wokha?"

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Mawu anga ankatuluka aang'ono ngati a mwana wa mbuzi, koma ndinapitiriza, mkanjo osausiya.

"Ndikalipireni. Ngati mmene mumachitira ndi Nickson, anthu onsewa akumva. Chikulireni palibe anandikalipirapo, ndipo ine ndimafuna. Mukatha, mundionetse mmene amatsinderira dothi m'makona."