Mphotho ya a Nahuelquín

Boti linafika pa nyumba yoyandama kutada kale. Mvula inkawaza cham'mbali. Ximena Oyarzo anatsika atakumbatira katoni. Malo amenewa ankangowadziwa pa mapu a mu ofesi ku Puerto Montt, kadontho kofiira pakati pa zilumba. Tsopano kadonthoko kankagwedezeka pansi pa mapazi ake. Kankanunkha dizilo ndi chakudya cha nsomba.

Bambo wina wamtali, wa imvi, anamugwira mkono.

"Pondani apa, mayi. Apo mpoterera."

Anali a Eladio Nahuelquín. Ximena anawazindikira msanga, poti nkhope yawo inali m'katonimo, pa chithunzi cha mufelemu.

Ntchito ya Ximena inali yolimbikitsa antchito a kampani yoweta nsomba m'makola a m'nyanja. Kulikonse ankayenda ndi chojambula cha makwerero a zosowa za munthu. Pansi, chakudya ndi pogona. Kenako chitetezo. Kenako anthu okukonda. Pamwamba, ulemu. Mabwana ankachikonda chojambulachi, makamaka cha kumtunda kwake. Ulemu suboola thumba la kampani.

M'chipinda chodyera munali amuna ochepa, mbatatesi yotentha ndi buledi. Mkulu wa pamalopo, a Cárcamo, anamukokera mpando pafupi ndi chitofu. Atatha kudya, Ximena anaimirira. Anatulutsa chithunzi chija ndi jekete labuluu lolembedwa dzina kumsana.

"Wantchito wachitsanzo wa chaka chino, m'makola athu onse, ndi a Eladio Nahuelquín."

Anadikira kuti amunawo aombe m'manja. Palibe anaomba. Kenako wina wandevu, dzina lake Belarmino, anaphulika ndi phwete.

"Akukolani, madala! Tinkakuuzani ife, muzichedwako tsiku lina. Inu ayi, tambala asanalire muli kale pa makola."

"Kuno kuli tambala, iwe?" anatero wina.

"Tambala wake ndi iwowa! Valani jeketelo, madala, tikuoneni mmene mukongolere m'ndende."

A Eladio anavala. Manja a jeketelo anali aafupi. Anati zikomo, nakhala pansi.

Ximena sanamvetse. Belarmino ndiye anamufotokozera, akutafuna buledi. Pa makola ano palibe amene amafuna kupambana. Nyengo yosankha ikayandikira, amuna amagawana zolakwa. Wina achedwe Lolemba. Wina aiwale chipewa. Wina ayankhe mwano pang'ono. Chifukwa wopambana sachoka. Amakhala pomwepo chaka china chathunthu, kuphunzitsa obwera kumene.

Lamulo limenelo Ximena ankalidziwa bwino. Analilemba yekha, ndipo analitcha ulemu wophunzitsa ena.

Anawapeza a Eladio kukhitchini akutsuka makapu, jekete lili m'thupi.

"Bambo, simunasangalale."

"Ndasangalala, mayi. Ndi lotentha bwino."

"Ndiuzeni zoona."

Anapukuta manja pang'onopang'ono. Akazi awo, a Orfelina, anadwala sitiroko chaka chatha. Dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinafa. Ali ku tauni ya Quellón, m'nyumba yaokha. Amene amawasambitsa ndi kuwaphikira ndi mayi woyandikana nawo, koma iyeyo akusamukira kwa ana ake mwezi ukatha.

"Ndinapempha kuti andisinthe ndipite ku fakitale yodula nsomba ya ku Quellón komweko. Malipiro ndi ochepa, koma ndizigona kunyumba. A Cárcamo anati ndikaonetsa khama, pempholo liyenda. Ndiye ndinaonetsa khama. Anyamatawa ankandichenjeza, ine n'kumati ndi nsanje."

Ximena anapita kwa a Cárcamo. Anawapeza akuyang'ana kompyuta yoonetsa mpweya wa m'madzi.

"Munatumiza dzina lawo mukudziwa za akazi awo?"

"Ndinkadziwa." Sanatembenuke. "Nsomba zikayamba kudwala, amene amaona tisanaone tonse ndi iwowo. Ndiwasiye apite, khola limodzi life, ochotsedwa ntchito ndine. Ndili ndi ana kusukulu, mayi. Ndipo sindinaname. Wolimbikira kuposa onse ndi iwowo. Kapena si choncho?"

Zinali choncho.

Foni inkagwira pamalo amodzi okha, pakona ya khonde, pafupi ndi jenereta. Ximena anaima pamenepo mvula ikumulowa m'khosi. Anaimbira bwana wake, a Undurraga, nawapempha kuti a Eladio aloledwe kupita ku Quellón. Anamva nyimbo ndi kulira kwa mafoloko kumbuyo kwa mawu awo.

"Ximena, mwana wanga, makalendala tasindikiza kale. Nkhope yawo ili pa tsamba loyamba."

"Bwana, kalendalayo ikhale. Tingowachotsera chaka chophunzitsacho."

"Ukachotsera mmodzi, mawa onse abwera ndi akazi odwala."

"Koma awa akudwaladi."

"Sindikukana. Atumizireni maluwa, kampani ilipira. Komanso usaiwale, pulogalamuyi ndi yako. Ndinaimenyera nkhondo pamaso pa eni kampani chifukwa cha iwe. Ikagwa, ukudziwa amene agwe nayo."

Foni inaduka. Mwina ndi mphepo. Mwina ayi.

Anaganiza za lendi ya kanyumba kake ku Puerto Montt. Anaganiza za mayi ake amene amadalira iye. Anabwerera kukhitchini ali chinyowere.

"Bwanji mutaikana mphothoyo?" Ximena anawafunsa a Eladio.

"Wokana ulemu wa kampani amulembera kuti alibe mtima wa kampani. Munthu wotero amupatsa malo ku fakitale?"

"Nanga mutangosiya ntchito?"

A Eladio anaseka pang'ono, osati monyoza.

"Pa msinkhu uno andilemba ndani? Ndipo mankhwala a Orfelina amadutsa pa inshulansi ya kampani. Ndikachoka, mankhwala atha. Ndikakhala, womusambitsa palibe." Anamupatsa kansalu kouma. "Pukutani mutu, mudwala. Musadandaule kwambiri. Si inu nokha munachita."

Mawu akuti nokha aja anamubaya kuposa chipongwe.

Anagona pa bedi lapamwamba, m'kachipinda kopanda zenera. Nyumba yonse inkakwera ndi kutsika. Tulo sitinabwere mokwanira.

M'mawa kunacha ndi nkhungu. Injini ya boti inali ikulira kale. Belarmino anadutsa atasenza thumba la chakudya cha nsomba.

"Muyende bwino, achemwali. Chaka chamawa musandisankhe ine, ndine waulesi wotheratu. Funsani aliyense."

A Eladio anabwera kuchokera ku makola, nsapato zamphira zikudontha. Anagwira chingwe cha boti, koma sanachimasule msanga.

"Mayi, botili likukocheza ku Quellón."

"Eya, ndikakwera basi kumeneko."

"Nyumba yathu ili kumtunda kwa msika, yobiriwira, ya mpanda wa matabwa. Aliyense akulozerani. Orfelina akudikira yankho. Ndinamulonjeza kuti mwezi uno ndibwera osabwereranso. Pa foni sindingathe kumuuza." Anayang'ana madzi. "Inu mumatha kulankhula. Ndi ntchito yanu. Mukamuuze ndinu."

"Ndikawauze kuti chiyani, bambo?"

"Mmene mumauzira anthu muja. Mwabwinobwino, kuti asagwe mphwayi."

Ximena anafuna kukana. Koma anangogwedeza mutu movomera. A Eladio anamasula chingwe, nachiponya m'boti, nakankha ndi phazi.

Nyumba yoyandama inayamba kuchepa, kenako nkhungu inaimeza. Woyendetsa boti anatsegula wailesi. Ximena anakhala pa benchi yonyowa, manja ali m'khwapa. Ulendo wa ku Quellón unali wautali, nthawi yokonza mawu inalipo yambiri. Anayesa chiganizo choyamba. Anachisiya. Anayesa china, chokhala ndi mawu akuti ulemu. Anachisiyanso.

Zilumba zinkadutsa chimodzichimodzi, zakuda, zopanda anthu. Boti linkapitabe, ndipo iye anali asanapeze poyambira.